Ukanditaya, Ufa: Msampha Umene Ukusunga Tizilombo Tosamva Mankhwala

M'mawa, odwala asanayambe kundanda pa mabenchi a chipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre, m'labotale ntchito imakhala itayamba kale.

Mabotolo a magazi ochokera m'mawodi amagona m'makina amene amawafunditsa pa kutentha kwa thupi la munthu. Botolo lina likamera tizilombo, makinawo amalira.

Katswiri wa m'labu amatenga kadontho, n'kufesa pa kambale kozungulira kokhala ndi chakudya cha tizilombo. Tikamera, amatipakanso pa kambale kena, n'kuyala pamwamba timapepala toyera ting'onoting'ono, kalikonse konyika m'mankhwala akeake. Apa ampicillin, apo ciprofloxacin, uko gentamicin.

Kenako kudikira usiku umodzi.

Kukacha, yankho limaoneka ndi maso. Pamene mankhwala akadali ndi mphamvu, kapepala kamazunguliridwa ndi bwalo loyera mbee, lopanda chomera. Pamene mankhwala agonja, tizilombo timamera mpaka kukagunda kapepalako.

Katswiriyo amayeza bwalo ndi rula, n'kulemba chilembo chimodzi.

S, mankhwala agwira.

R, tizilombo tapima.

Pa zaka 20 zapitazi, ma R achuluka moopsa.

Zimene mabotolo aulula

Mu 2017, Patrick Musicha ndi anzake a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome anatulutsa zotsatira za mabotolo a magazi oposa 190,000 amene anayezedwa pa Gulupu kuyambira 1998 mpaka 2016.

Mu 2003, mwa mabakiteriya 100 alionse a mtundu wa E. coli opezeka m'magazi a odwala, osamva ceftriaxone ndi mankhwala a banja lake sankakwana ndi mmodzi yemwe. Pofika 2016 anali 30.

Kwa Klebsiella, kachilombo kamene kamazunza kwambiri makanda obadwa kumene, chiwerengerocho chinachoka pa 12 kufika pa 90 ndi kupitirira.

Ceftriaxone ndi jakisoni amene dokotala amathamangira akalandira wodwala wotentha thupi, wolefuka, amene akumuganizira kuti tizilombo talowa m'magazi. Akakanika ameneyu, otsala ndi mankhwala monga amikacin ndi meropenem, amene ndi okwera mtengo ndipo sapezeka pena paliponse.

Vutoli si la Malawi yekha. Kafukufuku wamkulu wa dziko lonse anawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, dera la Africa la kum'mwera kwa Sahara ndilo linamenyedwa kwambiri.

Munthu akamva zimenezi, funso limabwera lokha. Bwanji osangowapumitsa mankhwalawo zaka zingapo, kuti tizilombo tiiwale?

Mmalawi ali ndi chifukwa chabwino chofunsira choncho.

Chloroquine anabwerera

Mu 1993, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuchotsa chloroquine pa chithandizo cha malungo, n'kuika SP, amene ambiri timamudziwa ndi dzina loti Fansidar. Chloroquine anali atasiya kuchiza.

Zimene zinatsatira zinadabwitsa dziko lonse.

Mu 1992, mwa magazi 100 alionse a odwala malungo amene anayezedwa ku Blantyre, 85 anali ndi tizilombo tokhala ndi chizindikiro cha kusamva chloroquine. Mu 2000 anatsala 13. Patapita nthawi pang'ono, chizindikirocho chinasowa.

Mu 2005, Miriam Laufer ndi anzake anayesanso chloroquine pa ana a ku Ndirande. Anachiza 99 pa 100 alionse. SP anachiza 21 okha.

Masiku ano malungo timachiza ndi LA, ndipo chloroquine sanabwezedwe m'zipatala pa ntchito imeneyi. Koma phunziro lake linamveka. Kusamva mankhwala ndi katundu wolemera kwa kachilombo. Mankhwala akachoka, tizilombo topanda katunduyo timaswana msanga, n'kupitirira tinzake tolemedwato.

Bwenzi zikanatero ndi mabakiteriya onse, nkhani ino kulibe.

Ku Britain, madokotala anachepetsa kwambiri kulemba mankhwala a gulu la sulfa, gulu limene lili m'bakitilimu. Makalata a mankhwalawa anatsika kuchoka pa 3.2 miliyoni mu 1991 kufika pa 77,000 mu 1999. Ofufuza a ku London atayeza E. coli, anapeza kuti osamva sulfa anali 40 pa 100 mu 1991, ndipo mu 1999 anali 46.

Sanatsike. Anakwera.

Ku Sweden, m'chigawo cha Kronoberg, madokotala anagwirizana kusiya trimethoprim kwa zaka ziwiri kuyambira 2004. Kagwiritsidwe ntchito kake kanatsika ndi 85 pa 100. Kusamva kwa tizilombo kunangokhala pomwepo, osasuntha kwenikweni.

Zifukwa zake n'zingapo. Chimodzi mwa izo n'chaching'ono kwambiri moti ngakhale makina wamba oonera tizilombo sachiona, koma nkhanza zake n'zodabwitsa.

Kamkombero ka DNA

Bakiteriya ndi selo limodzi. Malangizo onse a moyo wake analembedwa pa DNA, m'tizigawo totchedwa majini. E. coli wodziwika bwino wa m'labotale ali ndi zilembo za DNA pafupifupi 4.6 miliyoni pa mkombero umodzi waukulu.

Pambali pa mkombero umenewu, mabakiteriya ambiri amanyamula timikombero tina ting'onoting'ono todziimira patokha. Wasayansi wa ku America Joshua Lederberg anatipatsa dzina loti plasmid mu 1952.

Plasmid imadzichulukitsa yokha. Ina imatha kudzikopa n'kuwolokera kwa bakiteriya woyandikana naye, ngakhale wa mtundu wina.

Oyamba kuona kuopsa kwa zimenezi anali a ku Japan. M'zaka za m'ma 1950, kachilombo ka kamwazi, Shigella, kanayamba kukana mankhwala anayi nthawi imodzi: sulfa, streptomycin, chloramphenicol ndi tetracycline. Mu 1959, magulu a Kunitaro Ochiai ndi Tomoichiro Akiba anasonyeza kuti kukanako kumasamuka konse pamodzi pakati pa E. coli ndi Shigella, mabakiteriyawo akangosakanizidwa.

Chonyamulira chake chinali plasmid.

Koma plasmid ili ndi vuto lake. Bakiteriya amaswana pogawikana pakati, ndipo E. coli wodya bwino amatha kutero mphindi 20 zilizonse. Pa kugawikana kulikonse, plasmid iyenera kupezeka mwa ana onse awiri.

Maplasmid aang'ono amadalira kuchuluka. Ngati m'selo muli makope 20 omwazika mwachisawawa, mwayi woti mwana mmodzi atuluke chimanjamanja ndi kamodzi pa maulendo oposa 500,000.

Maplasmid akuluakulu, amene amanyamula majini ambiri okana mankhwala, sangatero. Ndi olemera. Plasmid yotchedwa F ili ndi zilembo pafupifupi 100,000, ndipo m'selo mumakhala kope limodzi kapena awiri. Makope awiri atasiyidwa kuti agwere kulikonse, theka la nthawi onse angapite kwa mwana mmodzi.

Pachifukwa ichi, maplasmid otere ali ndi mapuloteni amene amakankhira kope limodzi mbali iyi, lina mbali inayo, selo lisanaduke pakati.

Njirayi imagwira bwino. Koma nthawi zina imaphonya.

Ndipo mwana wobadwa wopanda plasmid amapepukidwa. Kumene kulibe mankhwala, iyeyo ndiye akanaswana msanga, zidzukulu zake n'kudzaza malo onse, monga zinachitikira ndi malungo ku Ndirande.

Apa m'pamene msampha umalowera.

Majini awiri oyandikana

Mu 1983, Teru Ogura ndi Sota Hiraga a ku Japan anapeza pa plasmid F kachigawo ka majini awiri ogundizana, amene masiku ano amatchedwa ccdA ndi ccdB. Kachigawoka kakakhalapo, mabakiteriya opanda plasmid sankaoneka kawirikawiri.

Poyamba ankaganiza kuti majiniwa amaletsa selo kugawikana mpaka plasmid itadzikopa. Pofika 1985 anaona kuti nkhani si imeneyo. Selo limagawikana ndithu. Ana opanda plasmid amabadwa ndithu.

Kungoti sakhalitsa.

Jini la ccdB limapanga chiphe, puloteni ya timagawo 101. Jini la ccdA limapanga chotchinga chake, puloteni ya timagawo 72, imene imagwira chiphecho n'kuchimanga kuti chisavulaze. Asayansi amatchula ziwirizi kuti toxin ndi antitoxin.

Zonse zimapangidwa nthawi imodzi, m'selo lomwelo, moyo wake wonse. Kusiyana kwake n'kumodzi: chiphe n'cholimba, chimakhalitsa, pamene chotchinga n'chosalimba. M'selo muli puloteni ina yotchedwa Lon, imene ntchito yake ndi kuphwanya mapuloteni osapindika bwino, ndipo imadya chotchingacho mosalekeza. Laurence Van Melderen ndi anzake a ku Brussels anasonyeza zimenezi mu 1994.

Plasmid ikakhalapo, palibe vuto. Chotchinga chikadyedwa, china chimapangidwa.

Tsopano selo lagawikana, mwana mmodzi waphonya plasmid. Zam'kati mwa mayi ake walandirako, ndiye kuti chiphe ali nacho, chotchinganso ali nacho. Chimene alibe ndi malangizo opangira chotchinga chatsopano.

Lon akupitiriza kudya.

Chotchinga chimatha. Chiphe chimamasuka.

Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo plasmid ndi mlendo wotere: imabweretsera bakiteriya luso logonjetsa mankhwala limene analibe. Amatinso mlendo ndi mame. Koma mlendo uyu sakamuka. Tsiku limene wafika amathira chiphe mumtsuko wa pakhomo, ndipo m'mawa uliwonse amapereka yekha mankhwala ake, okwanira tsiku limodzi. Mwini nyumba akhoza kumupirikitsa. Koma mtsukowo wamwa kale.

Chiphe cha CcdB chimalunjika pa puloteni yotchedwa gyrase. DNA ikamakopedwa imapotana, ndipo gyrase amaidula, kuimasula, n'kuilumikizanso. Mu 1992, Philippe Bernard ndi Martine Couturier, a ku Brussels komweko, anapeza kuti CcdB imagwira gyrase ali pakati pa ntchito, atadula kale koma asanalumikize. DNA imatsala yodukaduka. Selo limatalika osagawikana, kenako n'kufa.

Gyrase yemweyo ndi amene ciprofloxacin amamenya.

Ndiye kuti plasmid imasunga m'thupi la bakiteriya chida chofanana ndi chimene dokotala amalemba pa buku la kuchipatala, n'kuchiloza kwa mwini thupilo.

Pali luso linanso. Chiphe ndi chotchinga zikagwirana mokwanira, zimakhala pa DNA pamene pamayambira majini awiriwa, n'kutseka kuti zisapangidwe zambiri. Chiphe chikayamba kuchuluka kuposa chotchinga, chotsekacho chimachoka, ndipo kupanga kumayambiranso. Motero plasmid siiwononga chakudya cha selo pachabe, komanso siipha mwini nyumba mwangozi.

Uthenga wa masekondi 30

Mu 1986, Kenn Gerdes ndi anzake a ku Denmark anapeza msampha wa mtundu wina pa plasmid R1. Plasmid imeneyi inapezeka mwa Salmonella ku England m'zaka za m'ma 1960, ndipo imakana ampicillin, chloramphenicol, kanamycin, streptomycin ndi sulfa.

Majini ake amatchedwa hok ndi sok.

Pano chotchinga si puloteni. Jini lisanapange puloteni, limayamba lakopedwa kukhala uthenga wotchedwa RNA. Jini la hok limatulutsa uthenga wopangira chiphe. Jini la sok limatulutsa kauthenga kafupi kamene kamamatirira pa uthenga wa chiphewo, kuti usawerengedwe, ndipo ziwirizo zimaphwanyidwa limodzi.

Uthenga wa hok umakhalitsa: theka lake limatha pa mphindi pafupifupi 20. Theka la sok limatha pa masekondi pafupifupi 30.

Plasmid ikasowa, sok amazimirira nthawi yomweyo. Uthenga wa chiphe umatsala wokha, n'kuwerengedwa. Chotuluka ndi kapuloteni ka timagawo 52 kamene kamalowa m'khungu la selo n'kulibowola. Mphamvu ya selo imatayika. Pa makina oonera tizilombo, bakiteriya wotere amaoneka mbuu, pakati pali poyera, zam'kati zitaunjikana kunsonga.

R1 sinakhutire ndi msampha umodzi. Ili ndi wachiwiri, kis ndi kid, umene anaupeza a gulu la Ramón Díaz-Orejas ku Madrid mu 1987. Chiphe chake chimaduladula RNA.

Kuyambira pamenepo mndandanda wangokulirakulira.

Mu 1993, gulu la Michael Yarmolinsky ku America linafotokoza phd ndi doc, ndipo linati bakiteriya wonyamula majini otere wamwerekera, sangathe kusiya. Chiphe cha Doc chimaimitsa kupanga mapuloteni. ParE, wa pa plasmid RK2, amamenya gyrase monga CcdB. VapC amadula kachipangizo kamene kamayambitsa puloteni iliyonse yatsopano, moti palibe chimene chimayambika.

Lero asayansi agawa misampha imeneyi m'magulu 8, potengera mmene chotchinga chimagwirira ntchito. Pa maplasmid, dongosolo lake n'lomwelo pafupifupi kulikonse: chiphe chokhalitsa, chotchinga chofulumira kutha.

Chofunika kumvetsa n'chakuti msamphawu suletsa plasmid kutayika.

Umangochotsa amene aitaya.

Ukayang'ana gulu lonse la mabakiteriya patapita mibadwo 100, umapeza pafupifupi onse ali ndi plasmid, ngati kuti palibe amene anaiphonyapo. Oiphonya analipo. Sanasiye mbewu.

Msamphawu uli pakhomo

Zonsezi zikumveka ngati za ku Brussels ndi Denmark. Koma mabakiteriya a m'mabotolo a pa Gulupu amayendera malamulo omwewo.

Jini limene lapezeka kwambiri mwa E. coli ndi Klebsiella osamva ceftriaxone ku Blantyre limapanga puloteni yotchedwa CTX-M-15, imene imaphwanya mankhwalawo asanagwire ntchito. Padziko lonse, jini limeneli limakonda kuyenda pa maplasmid a banja la F, abale ake a plasmid ija ya Ogura ndi Hiraga.

Ofufuza a ku France ndi Tunisia ataunika maplasmid otere mu 2010, anapeza kuti onyamula CTX-M-15 a banja la F ndiwo anali ndi misampha yambiri, ingapo pa plasmid imodzi: ccdAB, hok ndi sok, pemKI, vagCD ndi ina. Plasmid ina yodziwika ya ku Britain, pEK499, ili ndi majini 10 okana mankhwala, pamodzi ndi misampha ingapo yoiteteza.

Bakiteriya akapulumuka chiphe choyamba, chachiwiri chikumudikira.

Palinso Salmonella Typhimurium wa mtundu wa ST313, amene ku Africa kuno salekera pa kutsegula m'mimba koma amalowa m'magazi, makamaka mwa ana odwaladwala malungo kapena operewera zakudya, ndi akuluakulu amene HIV yawafooketsa. Melita Gordon ndi anzake analemba mmene mliri wake unakulira ku Blantyre cha m'ma 2002, kachilomboka katayamba kukana chloramphenicol pamwamba pa ampicillin ndi bakitilimu.

Kachilombo kamene asayansi a dziko lonse amagwiritsa ntchito pophunzira mtunduwu, D23580, kanachokera m'magazi a mwana wa ku Blantyre mu 2004. Majini ake okana mankhwala ali pa plasmid yotchedwa pSLT-BT. Imeneyi ndi ya banja la pSLT, plasmid imene imathandizanso Salmonella kudwalitsa. Mu 2016, ofufuza a ku Spain anasonyeza kuti pSLT imadzisunga ndi njira zitatu, ndipo pakati pa njirazo pali msampha wa vapBC.

Majini okana mankhwala anakwera pa plasmid imene inali itakhazikika kale.

Kachilombo ka kamwazi nakonso n'chimodzimodzi. Shigella sangalowe m'maselo a matumbo popanda plasmid yake yaikulu, ndipo plasmid imeneyo imasungidwa ndi misampha yotere. Gareth McVicker ndi Christoph Tang a ku Oxford anapeza kuti Shigella sonnei, amene anataya ina mwa misamphayi, amataya plasmid yake mosavuta kuposa mbale wake Shigella flexneri.

Si msampha wokha

Kungakhale kunama kunena kuti chiphe ndi chotchinga ndizo zokha zimene zikusunga tizilombo topima.

Choyamba, majini okana mankhwala amayenda m'gulu. Plasmid imodzi ikanyamula majini okana mankhwala 8, kumwa amodzi okha mwa mankhwalawo n'kokwanira kuti plasmid yonse ipindule. Bakitilimu wogula pa golosale chifukwa cha chimfine, kapena tetracycline wothira m'madzi a nkhuku, akhoza kusunga jini lokana ceftriaxone, ngakhale ceftriaxone sanafikepo pakhomopo.

Chachiwiri, bakiteriya ndi plasmid zikakhalitsa limodzi zimazolowerana, katundu uja n'kupepuka.

Chachitatu, plasmid imene yatayika kuno imalowanso uko, powoloka kuchokera kwa bakiteriya wina.

Chachinayi, majini ena amatsika pa plasmid n'kukakhazikika pa mkombero waukulu. Taifodi ya mtundu wa H58, imene inabuka ku Blantyre kuyambira 2011, ndi chitsanzo. Pa Gulupu ankapeza odwala pafupifupi 14 pachaka pakati pa 1998 ndi 2010, koma mu 2014 anapeza 782. Majini okana mankhwala mwa tizilomboti anali atamatirira pa mkombero waukulu.

Asayansi amatsutsananso pa mfundo zina. Ena akuti ziphe zambiri sizipha msanga, zimangoumitsa selo kuti lisakule. Kwa plasmid, kusiyanako n'kochepa, chifukwa selo losaswana latuluka kale mumpikisano.

Tim Cooper ndi Jack Heinemann a ku New Zealand anawonjeza mfundo ina mu 2000. Anati phindu lalikulu la msamphawu lili pa nkhondo ya maplasmid okhaokha. Maplasmid awiri a banja limodzi sakhalitsa m'selo limodzi, ina iyenera kuchoka. Ikachoka yopanda msampha, selo limapitiriza moyo ndi yamsampha. Ikachoka yamsampha, selo limafa pamodzi ndi yotsalayo.

Mwa njira iliyonse, yopanda msampha siipambana.

Majini a chiphe ndi chotchinga amapezekanso pa mkombero waukulu wa mabakiteriya ambiri. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kali nawo oposa 80. Ena mwa majini a mtundu umenewu, mwa mabakiteriya osiyanasiyana, asonyezedwa kuti amateteza ku mavairasi: selo likagwidwa ndi vairasi, chiphe chimamasuka, selolo n'kuzima vairasiyo isanaswane n'kugwira anzake.

Ndipo si kuti kubwerera m'mbuyo n'kosatheka konse. Chloramphenicol, amene anasiyidwa kwambiri ceftriaxone atafika, wayambanso kugwira pa ena mwa mabakiteriya a pa Gulupu. Ofufuza a ku Blantyre ndi Liverpool anapeza kuti mwa ambiri a iwo, jini lokana chloramphenicol linaduka pamene kachidutswa kena ka DNA kanadumphira pa ilo.

Jini limodzi linawonongeka. Majini okana ceftriaxone anatsala.

Kutembenuza msampha

Amene anamvetsa msamphawu sanachedwe kuupezera ntchito.

M'malabotale a dziko lonse, jini la ccdB ndi chida cha tsiku ndi tsiku. Wasayansi akafuna kulowetsa jini latsopano mu plasmid, amalilowetsa pamalo pa ccdB. Mabakiteriya amene alandira plasmid yosinthidwa bwino amakhala ndi moyo. Amene alandira yosasinthidwa amafa okha. Zomera pa kambale ndi zokhazo zimene iye amafuna.

Ena akuyesa kuchotsa maplasmid oipa m'matumbo. Vuto lake ladziwika kale: ukangothamangitsa plasmid, bakiteriya amafa, ndipo malo ake amatengedwa ndi anzake amene akadali nayo.

Christopher Thomas wa ku University of Birmingham anakonza plasmid yotchedwa pCURE. Imalowa m'selo, n'kulepheretsa plasmid yoipa kudzikopa, komanso imabwera ndi chotchinga cha chiphe chake. Plasmid yoipa imatayika, chiphe chimamangidwa, bakiteriya amakhala ndi moyo koma wayambanso kumva mankhwala.

Ku Sydney, gulu la Jon Iredell linatenga plasmid ya banja lomwelo ndi yoipayo, n'kuichotsa majini okana mankhwala ofunika pamodzi ndi jini la chiphe, kusiya la chotchinga. Mu 2017 linalengeza kuti njirayi inachotsa plasmid yoipa m'matumbo a mbewa za m'labotale.

Enanso akufunafuna mankhwala olekanitsa chiphe ndi chotchinga chake, kuti bakiteriya afe ndi chimene wanyamula yekha.

Zonsezi zikadali m'labotale. Palibe chimene chafika pa shelefu ya famase.

Mpopi, chimbudzi ndi katemera

Pamene asayansi akulimbana ndi zimenezo, maplasmid akuyenda.

Kafukufuku wotchedwa DRUM anatolera zoyeza m'makomo a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023. E. coli kapena Klebsiella osamva mankhwala a banja la ceftriaxone anapezeka mu 42 pa 100 ya chimbudzi cha anthu, 30 pa 100 ya ndowe ndi zitosi za ziweto, ndi 66 pa 100 ya madzi a m'mitsinje.

Anthu amenewa sanali m'chipatala. Anali kunyumba kwawo.

Tizilomboti timakhala phee m'matumbo mpaka tsiku limene tapeza njira yolowera m'chikhodzodzo, pa bala la opaleshoni, kapena m'magazi a khanda.

Kusamala mankhwala n'kofunikabe. Kapisozi aliyense womwedwa popanda chifukwa amapha mabakiteriya omva mankhwala m'matumbo, n'kusiyira bwalo lonse onyamula plasmid. Malamulo amene bungwe loona za mankhwala la PMRA limayang'anira amafuna kuti mankhwala opha mabakiteriya agulitsidwe pokhapokha pali kalata ya dokotala, koma amoxicillin ndi bakitilimu amapezekabe m'magolosale ndi m'misika, pena kapisozi mmodzimmodzi. Dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2022, ndipo kusamala kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala kunali imodzi mwa nsanamira zake.

Koma sayansi ya chiphe ndi chotchinga ikutiuza malire a njira imeneyi. Kuchepetsa mankhwala kumachedwetsa kufala. Sikutsimikiza kuti plasmid imene yalowa kale ituluka.

Chotsimikizika ndi kutseka njira imene imadutsa pochoka m'matumbo a munthu mmodzi kupita kwa wina, komanso kuchepetsa matenda amene amafuna mankhwalawo.

Katemera wa taifodi wasonyeza kuti n'zotheka. Anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndipo anateteza pafupifupi 80 pa 100. Mu May 2023 boma linamupereka kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15 m'dziko lonse. Mwana amene sanadwale taifodi safuna ciprofloxacin, ndipo mabakiteriya a m'matumbo mwake sakumana ndi mankhwalawo.

Mpopi wa madzi aukhondo umagwira ntchito yomweyo. Chimbudzi chosasefukira nthawi ya dzinja, ngalande yosathira mumtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo, sopo pa sinki ya m'wodi ya makanda, khola la nkhuku lotalikirana ndi pophikira, zonsezi zimadula ulendo wa plasmid isanapeze nyumba yatsopano.

Pa bajeti ya boma, zinthu zimenezi zimalembedwa pansi pa maunduna osiyanasiyana, kutali ndi ndalama zogulira mankhwala. Kwa bakiteriya, nkhaniyo ndi imodzi.

Chloroquine anatipatsa mwayi wachiwiri chifukwa kachilombo ka malungo kanali ndi ufulu wotula katundu wake. E. coli ndi Klebsiella onyamula maplasmid amsampha ufulu umenewo alibe. Mankhwala amene akugwirabe lero, amikacin ndi meropenem, tiyenera kuwasunga podziwa kuti tsiku limene adzagonje, palibe amene angalonjeze kuti adzabwerera.